Tsitsi Likayamba Kuthothoka, Yang'anani Khungu la Pamutu Musanagule Mankhwala

Musanapereke ndalama pa botolo lililonse lolembedwa kuti limameretsa tsitsi, tengani kalilole, chipeso ndi foni. Tsitsi limathothoka pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo mankhwala othandiza bambo wa dazi sangathandize mwana wa chipere kapena mayi amene meshi yamudya m'mbali mwa chipumi. Mitundu ina ya vutoli imapha mizu n'kusiya chipsera, ndipo pachipsera sipameranso kanthu ngakhale mudzole chiyani. Mizuyo imafa m'miyezi yomweyo imene munthu amakhala akusinthasintha mafuta a pamsika.

Kuyeza mutu muli pakhomo

Pamutu pamakhala tsitsi pafupifupi 100,000. Lililonse limakula kwa zaka 2 mpaka 7, kenako limapuma miyezi pafupifupi 3 n'kugwa, pamuzu womwewo n'kutuluka lina. Choncho kutaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku si matenda. Mayi amene akumasula tsitsi limene analuka milungu 6 yapitayo asachite mantha ndi mulu umene ukutsala m'chipeso: limenelo ndi tsitsi la masiku 42 limene linagwa kale koma linakodwa m'zolukazo.

Choyamba, yalani nsalu yoyera n'kupesera pamenepo. Tolani tsitsi lingapo muliyang'anitsitse. Limene lachoka ndi muzu limakhala ndi kamutu koyera kumapeto, kocheperako kuposa kambewu ka chitowe. Likakhala tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu, ndiye kuti tsitsi likuthyoka chabe. Pamenepo mizu ili bwino, ndipo cholakwa chili pa rilaksa, moto wa makina owongolera, kapena kupesa tsitsi louma gwa.

Kachiwiri, jambulani mutu panja pamthunzi, masana: kutsogolo, paliwombo, ndi mbali zonse ziwiri. Muzibwereza mwezi uliwonse pamalo omwewo. Maso amene amaona mutu tsiku ndi tsiku sazindikira kusintha, koma zithunzi sizinama.

Kachitatu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, kulitsani chithunzi cha malo amene tsitsi lachepa. Ngati timabowo totulukira tsitsi tikuonekabe, kapena pali tiubweya tating'ono, mizu ikadali ndi moyo. Ngati khungu lili see, lonyezimira, lopanda kabowo ngakhale kamodzi, pamenepo payamba chipsera. Musadikire. Pitani kuchipatala mwezi womwewo kuti tsitsi lotsala m'mphepete lipulumuke.

Pomaliza bwererani m'mbuyo miyezi 3. Kodi munabereka, munadwala malungo aakulu kapena taifodi, munachitidwa opaleshoni, munaonda mwadzidzidzi, munaferedwa, kapena munayamba mankhwala atsopano? Lembani, chifukwa dokotala adzafunsa zomwezo.

Tsitsi lakutsogolo limene zoluka zadya

Kwa amayi ndi atsikana ambiri, vuto limayambira kusaluni. Tsitsi la m'mbali mwa chipumi ndi la chakumakutu ndi lopyapyala, ndipo likakokedwa mwezi ndi mwezi mizu yake imatopa. Kafukufuku amene Nonhlanhla Khumalo ndi anzake anachita ku Cape Town anapeza vutoli mwa mayi pafupifupi mmodzi pa atatu alionse, ndipo linkakula kwambiri mwa amene ankaluka tsitsi lothira kale rilaksa. Chizindikiro chake chodziwika ndi kamzere ka tsitsi lalifupi kotsala kutsogolo kwenikweni, kumbuyo kwake kuli mbee.

Mawu akuti "zikawawa ndiye kuti zagwira bwino" awononga mitu yambiri. Mukachoka kusaluni nsidze zitakwera, mukulephera kugona chammbali, mukumwa Panado, kapena patuluka tiziphuphu toyera m'mizere, masulani tsiku lomwelo ngakhale ndalama zapita. Woluka muzimuuza asanayambe kuti tsitsi laling'ono lakutsogolo alisiye, asalitole. Zoluka zikhale zokulirapo komanso zosapitirira mapewa, popeza meshi yaitali imalemera, makamaka ikanyowa. Zisakhale pamutu kupitirira milungu 6 mpaka 8, ndipo mukamasula mupumitse mutu milungu iwiri kapena kuposa. Mizere muzisintha kolowera, kuti muzu womwewo usamakokedwe mbali imodzi chaka chonse. Ana aang'ono asamamangidwe ndi ulusi kapena timalabala mpaka kulira.

Wigi imateteza tsitsi ikavalidwa bwino, koma guluu ndi tizipeso ta m'kati mwake zimazula tsitsi pamalo omwewo amene mukufuna kubisa. Ngati mwamata, sungunulani guluuyo ndi mankhwala ake ochotsera, musamatule mokoka. Usiku muzivula. Duku lomanga kwambiri pamzere umodzi tsiku lililonse limachitanso chimodzimodzi.

Za rilaksa, malamulo ake ndi ochepa koma saphwanyika. Pakati pa kuthira kuwiri pazidutsa milungu 8 mpaka 12. Azipaka patsitsi latsopano lokha lakumizu, osabwereza pa limene linawongoledwa kale, chifukwa pamenepo m'pamene limadukira. Khungu lizitetezedwa ndi Vaseline, nthawi yolembedwa pabokosi isapitirire, ndipo mutu ukayamba kuotcha atsuke pomwepo ndi shampu yake yoziziritsa mphamvu ya mankhwalawo. Mukathira rilaksa dikirani milungu iwiri musanaluke. Ngati tsitsi lakutsogolo layamba kale kuchepa, sankhani chimodzi, rilaksa kapena meshi, ndipo chabwino koposa n'kusiya zonse kwa miyezi ingapo.

Vutoli likagwidwa msanga, kungosiya kukoka kumakwanira, ndipo tiubweya timayamba kuoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6. Mankhwala opaka pamutu otchedwa minoxidil amafulumizitsa. Pamene pakhala mbee kwa zaka zambiri ndipo timabowo tinatsekeka, palibe mafuta amene angabwezeretse.

Paliwombo pakamanyerenyesa ndi kupweteka

Pali vuto lina limene limagwira makamaka amayi akuda azaka za m'ma 30 kupita m'tsogolo, ndipo madokotala amalitchula mwachidule kuti CCCA. Limayambira pakati penipeni pa mutu n'kumakula mozungulira. Poyamba tsitsi la paliwombo limangothyoka, silitalika ngati linzake, ndipo khungu limayabwa, limabaya kapena limawawa mukalikhudza. Ena samva chilichonse. Limayenda m'magazi a pabanja, choncho ngati amayi anu kapena azakhali ali ndi dazi paliwombo, muziyang'ana panu kawirikawiri. Vutoli ndi lija losiya chipsera. Kuchipatala amatha kudula kachikopa kakang'ono ka mamilimita 4 kuti akapime, kenako amapereka mankhwala amphamvu opaka monga clobetasol, jakisoni wobaya pakhungu la pamutu, kapena mapiritsi a doxycycline kwa miyezi ingapo. Cholinga chake n'kuimitsa matendawo. Clobetasol musagule nokha n'kumadzola osalekeza, chifukwa amapyapyalitsa khungu.

Chipere

Mwana akakhala ndi zigamba zotuwa pamutu, zokhala ndi mfundu, tsitsi litadukira pakhungu n'kusiya timadontho takuda, chimenecho ndi chipere. Nthawi zambiri kumbuyo kwa khosi kumatuluka mwanabele. Makolo ambiri amagula kirimu n'kudabwa kuti sichikutha. Sichingathe, chifukwa tizilombo take timakhala m'kati mwa tsitsi mpaka kumuzu, kumene kirimu safika. Chimafuna mapiritsi, ndipo ofala ndi griseofulvin, amene amamwedwa tsiku lililonse kwa milungu 6 mpaka 8. Mlingo amauwerengera kuchipatala potengera kulemera kwa mwana, kawirikawiri pafupifupi 20 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta, monga phala la nsinjiro, mkaka kapena peyala. Mayi woyembekezera asamwe.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'kusiyira panjira. Pakatha milungu 3 mutu umaoneka woyera, makolo n'kuleka, chipere n'kubwerera. Malizani. Onjezani shampu ya ketoconazole 2% kawiri pamlungu, yosiyidwa pamutu mphindi 5 musanatsuke, kuti mwana asapatsire anzake. Yang'anani mitu ya ana onse m'nyumba. Zipeso ziviikidwe kwa mphindi 10 m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa Jik pa miyezo 9 ya madzi, ndipo zipewa ndi nsalu za mapilo zichapidwe. Makina a kubabashopu amafalitsa chipere kwambiri. Banja limene lingathe ligule makina akeake, apo ayi onetsetsani kuti wometa wachotsa tsitsi m'mano a makina ndi burashi n'kuwatsuka ndi sipiriti inu mukuona.

Chipere china chimatupa n'kukhala ngati chithupsa chachikulu chofewa, chotuluka mafinya m'timabowo tambiri. Musachiboole kapena kuchitema mphini. Chimafuna mapiritsi omwewo mwachangu, chifukwa chikachedwa chimasiya dazi la moyo wonse. Mafuta a galimoto, batire ndi mankhwala otsukira mano, zimene ena amapaka, zimangootcha khungu.

Tsitsi la mwana likasanduka lofiirira, lopyapyala, lozuka mosavuta, makamaka ngati mapazi atupa, nkhani yake ndi kunyentchera. Thamangirani naye kusikelo.

Kuyoyoka mutu wonse

Ngati tsitsi likuchoka paliponse, lokhala ndi timitu toyera tija, popanda chigamba, kawirikawiri thupi linadzidzimuka miyezi 2 kapena 3 yapitayo ndipo mizu yambiri inapuma nthawi imodzi. Amayi amaziona mwana akafika miyezi 3 kapena 4, ndipo tsitsi limabwerera lokha mwana akamakwanitsa chaka. Kuyamwitsa si kumene kwachititsa, musamuletse bere. Pambuyo pa malungo aakulu kapena opaleshoni, kuyoyoka kumasiya pakatha miyezi pafupifupi 6. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye kuti kudzaza kwake kumachedwerapo.

Kukapitirira miyezi 6, kayezetseni magazi. Pemphani kuti aone kuchuluka kwa magazi, ayironi wosungidwa m'thupi ngati chipatalacho chimayeza, ndi chithokomiro. Ayironi amachepa mwa amayi amene amataya magazi ambiri posamba, obereka pafupipafupi, ndi anthu a njoka za m'mimba kapena likodzo, ndipo kungomwa mapiritsi osachiza gwero lake n'kutunga madzi ndi dengu. Akakupatsani mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulphate, mwani miyezi 3 kapena kuposa monga akuuzirani. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi. Pambale pazipezeka usipa, nyemba, mazira, chiwindi, bonongwe kapena chisoso, ndipo chipatso ngati gwafa, lalanje kapena malambe chimathandiza ayironi wa m'masamba kulowa m'thupi.

Pemphaninso kuyezedwa chindoko ngati tsitsi lachoka tizigamba ting'onoting'ono tambiri, ngati chovala chodyedwa ndi njenjete, makamaka pakakhala zidzolo m'manja ndi kumapazi. Jakisoni wa benzathine penicillin amachiza, tsitsi n'kumeranso. Tsitsi lothothoka ndi mankhwala a khansa nalonso limayamba kubwerera pakatha miyezi ingapo chimalizireni mankhwalawo.

Chigamba chozungulira ngati ndalama yachitsulo, chosalala, chopanda mfundu, chotulukira mwadzidzidzi pamutu kapena pandevu, sikuti wina wakumetani usiku. Madokotala amati alopecia areata: chitetezo cha m'thupi chimaukira mizu, koma sichiipha. Zigamba zing'onozing'ono zambiri zimamera zokha chaka chisanathe, ndipo tsitsi loyamba limatuluka loyera. Zikachedwa kapena zikamachuluka, amabaya triamcinolone pachigambapo milungu 4 mpaka 6 iliyonse. Sichipatsirana.

Dazi lakumtundu

Ili ndi lija limayambira m'makona a chipumi ndi paliwombo mwa abambo, pamene mwa amayi mzere wapakati umangokulirakulira. Anthu amaseka kuti dazi ndi chizindikiro cha chuma, koma gwero lake ndi homoni yotchedwa DHT, imene thupi limapanga kuchokera ku testosterone. Mwa anthu otengera kumakolo, kuchimuna kapena kuchikazi, DHT imafooketsa mizu pang'onopang'ono mpaka tsitsi limasanduka ubweya. Chipewa sichiyambitsa dazi, ndipo kumeta pafupipafupi sikukhuthalitsa tsitsi.

Mankhwala amene anayesedwa mokwanira ndi awiri. Oyamba ndi minoxidil, amene poyamba anali a kuthamanga kwa magazi, ndipo anavomerezedwa ku America ngati opaka pamutu mu 1988. Amapezeka m'mafamase a 2% ndi a 5%, amadzi kapena athovu. Abambo amapaka 1 ml ya 5% kawiri patsiku, ndiye kuti botolo la 60 ml limatha mwezi umodzi. Amayi amapaka 1 ml ya 2% kawiri patsiku, kapena thovu la 5% kamodzi, theka la chitsekero. Mutu ukhale wouma komanso wopanda mafuta, chifukwa Vaseline ndi mafuta ena olemera amatchinga mankhwala. Gawani tsitsi m'mizere, donthezani pakhungu penipeni, tikitani ndi chala, kenako sambani m'manja. Musanyowetse mutu kwa maola 4, ndipo usiku pakani maola awiri musanagone kuti mankhwala asathere papilo n'kufika kumaso. Akauma mukhoza kudzola mafuta patsitsi, popeza mankhwala amadziwo amaliumitsa.

Pakati pa mlungu wachiwiri ndi wachisanu ndi chitatu chiyambireni kupaka, tsitsi limayoyoka kuposa kale. Ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti anagula chinyengo, chonsecho ndi tsitsi lakale limene likukankhidwa ndi latsopano. Kusintha kumayamba kuoneka pa miyezi 4 mpaka 6, ndipo chigamulo chenicheni muchipereke pakatha chaka, poyerekeza zithunzi zija. Kuthira wambiri sikufulumizitsa. Mutu ukamayabwa ndi kufundula, kawirikawiri wolakwa ndi propylene glycol wa m'mankhwala amadzi, ndipo kusinthira ku thovu kumathetsa. Amayi ena amamera tiubweya m'masaya. Mtima ukamagunda mothamanga, mukamachita chizungulire kapena mapazi akatupa, lekani mukaonane ndi dokotala. Oyembekezera ndi oyamwitsa asagwiritse ntchito, asapakidwe pachilonda, ndipo asungidwe kutali ndi ana komanso amphaka, chifukwa mphaka akhoza kufa nawo ngakhale atanyambita pang'ono.

Werengerani thumba musanayambe. Minoxidil amagwira ntchito pokhapokha mukupaka. Mukasiya, tsitsi limene anasunga limagwa m'miyezi 3 kapena 4. Kugula botolo limodzi n'kulekeza n'kutaya ndalama.

Achiwiri ndi finasteride, piritsi la 1 mg kamodzi patsiku, la abambo, lolembedwa ndi dokotala. Amatsitsa DHT ndi magawo oposa 60 pa 100 alionse, ndipo mwa abambo ambiri amaimitsa dazi pamene lafika. Ena tsitsi limabwererako, makamaka paliwombo. Nawonso amafuna chaka kuti muwaweruze, ndipo mukasiya dazi limapitiriza ulendo wake. Abambo ochepa, mmodzi kapena awiri pa 100, amadandaula kuti chilakolako kapena mphamvu za m'nyumba zachepa, ndipo kwa ambiri zimabwerera akasiya. Wina akayamba kukhumudwa kwambiri kapena kuganiza zodzipha, asiye pomwepo n'kukauza dokotala. Mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka, chifukwa lingawononge ziwalo zobisika za mwana wamwamuna m'mimba. Mukamayezetsa magazi a PSA, ofufuzira matenda a prostate, nenani kuti mumamwa finasteride, popeza amatsitsa nambalayo ndi theka ndipo akhoza kubisa matenda. Kwa amayi, dokotala nthawi zina amalemba spironolactone kapena timapiritsi ta minoxidil ta mlingo wochepa, koma zimenezi zimafuna kuyezedwa BP ndi kulera kodalirika. Mayi amene dazi labwera limodzi ndi ndevu, ziphuphu ndi kusamba modumphadumpha ayezetse mahomoni.

Mafuta a nsatsi, a kokonati ndi ena otere amafewetsa tsitsi n'kuchepetsa kuthyoka, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino. Muzu wofooka ndi DHT kapena wakufa saudzutsa. Mapiritsi a vitamini wotchedwa biotin amathandiza yekhayo amene akupereweradi biotin, ndipo otere ndi osowa. Choipa chake amasokoneza zotsatira za magazi, kuphatikizapo za chithokomiro, zomwe munthu wothothoka tsitsi amafunika kuyezetsa. Mankhwala osakaniza m'mabotolo opanda dzina la zimene zilimo, ogulitsidwa pa WhatsApp ndi Facebook, asiyeni. Gulani m'famase yovomerezeka ndi bungwe la boma loona za mankhwala, PMRA ku Malawi kapena ZAMRA ku Zambia, muone tsiku lothera ntchito.

Kuwokera tsitsi, kubisa, kapena mpala

Kuwokera ndi opaleshoni yochotsa mizu kunkhongo, kumene DHT siigwira, n'kuibzala kutsogolo. Ambiri amapitira ku Istanbul kapena ku South Africa. Sikuwonjezera tsitsi, kumangosamutsa limene lilipo. Lowokeredwalo limagwa pakatha milungu ingapo, limayamba kumeranso pa miyezi 3 kapena 4, ndipo zotsatira zimaoneka bwino pakatha chaka. Mizu ya tsitsi lathu ndi yopindika pansi pa khungu, choncho dokotala wosazolowera amaidula pozula. Funsani zithunzi za anthu akuda amene anawachita. Amene zilonda zake zimapola motupa n'kusiya zipsera zokwera, komanso amene CCCA yake sinazime, asayerekeze. Ndipo popanda finasteride kapena minoxidil, tsitsi lakale kumbuyo kwa lowokeredwalo limapitiriza kutha.

Ufa wakuda wowaza pamutu umabisa malo opyapyala mpaka mutasamba. Kumeta mpala ndiye njira yotchipa kuposa zonse, koma metani ndi makina osiya kachitsa pang'ono, osapala ndi lezala mobwereza, makamaka kunkhongo. Kumeneko abambo ambiri akuda amatuluka tiziphuphu tolimba timene timalumikizana n'kusanduka chipsera chokhuthala, ndipo tikangoyamba, wometa asamafikeko ndi lumo komanso kolala isamakhule. Padzuwa valani chipewa.

Popita kuchipatala, yambirani pachipatala cha boma laling'ono lanu mufunse za kiliniki ya khungu. Akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ndipo ku Zambia kuli chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Pitani mutamasula zoluka, mutavula wigi, musanadzole mafuta, ndipo musamete mpala dzulo lake, chifukwa dokotala amafuna kukoka ndi kuona tsitsilo. Tengani zithunzi zija, buku lanu lakuchipatala, ndi mabotolo onse amene mwakhala mukupaka, ngakhale a kwa asing'anga.